Usatsokomole, Celia

"Ndati sapita kulikonse! Kodi makutu akowo ndi okometsera mutu?"

Mayi Tyrrell anamenya tebulo ndi chikhatho, makapu a tiyi n'kudumpha. Sabina, mwana wawo wamkazi wamkulu, anali chiimire pakhomo la kuchipinda atanyamula beseni lovundikira ndi chinsanza. Sankafuna kuti anthu akudya aone za m'menemo, koma mtima unamupsa, ndipo anavundukula.

"Onani, amayi. Onaninso inu achimwene, musayang'ane kumbali. Awa ndi magazi a Celia."

Malachy, mchimwene wake, mwamuna amene dazi linali litayamba kale kumudya pakati pa mutu, anakankhira kutali mbale yake ya mbatatesi.

"Iwe Sabina, anthu tikudya."

"Idyani, ndani wakuletsani? Mlongo wanu ndiye walekeratu kudya. Msana wake wonse ndi zilonda chifukwa chogonera kumodzi. Ine ndekha ndimutembenuze, ndikame ng'ombe, ndiphike, ndichape, kodi manja ndili nawo angati? Kuchipatala chachikulu ku Dublin tinapita, ndipo zimene anatiuza mukuzidziwa. Dokotala anangomugogoda pamsana, n'kukasamba m'manja, akuti mabedi awo ndi a anthu oti achira, uyu mupite naye kwanu."

"Ndiye ali kwawo. Chavuta n'chiyani?" anatero mayi ake.

"Chavuta n'choti akuvutika ngati galu! Masisitere atsegula nyumba m'mphepete mwa mzinda, yolandira anthu amene zipatala zawakana. Mayi wogula mazira uja wandiuza zonse, mlamu wake anatsirizikira kumeneko. Amawasambitsa, amawatembenuza, amawapatsa madontho oziziritsa ululu, ndipo samusiya munthu yekha. Salipiritsa, safunsa n'komwe kuti umapemphera kuti. Ndibwerekeni bulu ndi ngolo, basi. Kunyamuka m'mawa, masana tafika."

"Nanga pachipata pa nyumba imeneyo analembapo chiyani? Nena, poti ndiwe wodziwa zinthu."

Sabina anavundikiranso beseni lija.

"Analemba kuti ndi nyumba ya anthu oyembekezera imfa. Ngolo ya kwa Tyrrell ikakaima pamenepo, pofika Lamulungu parishi yonse idzakhala itadziwa kuti m'nyumba muno muli chifuwa chachikulu. Ndipo a Cullen adzamva asanavule n'chipewa chomwe."

Apa ndiye panali pagona nkhani. Kwathu kuno kumapiri a Wicklow munthu angathe kuvomera kuti ndi chidakwa, angathe kuvomera kuti agogo ake anaba nkhosa, koma chifuwa chachikulu ayi ndithu. Anthu amati chimayenda m'magazi. Banja limene chalowamo amalitcha banja lofooka, ndipo amalilambalala pofuna mkazi kapena mwamuna. Tsono Malachy anali atapeza mbeta, Winnie, mwana wa a Cullen a kuseri kwa phiri. Chinatsala n'choti bambo a mtsikanayo abwere kudzayendera munda, monga mwa mwambo, kuti aone ndi maso awo kumene mwana wawo akudzakhala.

"Mwana wopanda mwayi," anadandaula Mayi Tyrrell akupukuta tebulo pamene panalibe litsiro. "Anzake akupita ku Amereka. Taona Judith wa kwa a Fogarty, akuti ali ku Boston, akuvala zipewa za nthenga. Wanga anasankha kukachapa zovala za anthu ku Dublin, n'kundibweretsera ichi."

"Mbewa ya manyazi idafera kuuna, amayi."

"Miyambi yakoyo ukauze nkhuku. Tsitsa mawu, pamsewu pakudutsa anthu."

Sabina anakataya za m'beseni kuseri kwa nyumba n'kukwirira ndi phulusa, monga ankachitira tsiku ndi tsiku. Atalowa kuchipinda anapeza Celia ali maso. Khoma lake linali la matabwa, ndipo palibe liwu limene linamuphonya. Anali mtsikana woseka kwambiri kale, wamasaya odzaza, koma tsopano pankhope panangotsala maso.

"Achemwali, musamakangane chifukwa cha ine."

"Sitikukangana, tikucheza."

"Macheza ake omenya tebulo?" Anafuna kuseka, koma chifuwa chinamugwira. Msangamsanga anakwirira nkhope mu pilo kuti chisamveke kunja, mapewa akugwedezeka. Palibe amene anamuuza kutero tsiku limenelo. Anali atazolowera.

"Kodi n'zoona kuti kumeneko mazenera amatsegula?" anafunsa atapuma.

"Akuti amatsegula. Akuti kuli dimba la maluwa."

"Maluwa ndilibe nawo ntchito. Ine ndatopa ndi kuopa, achemwali. Munthu akagogoda pakhomo, mtima umandithamanga ngati ndaba."

Sabina anamutembenuza, namupaka mafuta pazilonda, akuluma mano kuti asalire.

Patapita masiku anamutsatira Malachy kumunda, kumene ankakonza mpanda wa miyala. Kunali mphepo ya mwezi wa Febuluwale, yolowa mpaka m'mafupa.

"Achimwene, bulu ndi wanu. Amayi asiyeni, yankhani inuyo."

"Dikira ukwati uchitike. Lenti yayandikira, ndipo ukudziwa kuti ikayamba ansembe samangitsa ukwati. Winnie akangolowa m'nyumba, ndidzamutenga ndekha Celia kupita naye kwa masisitere akowo."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukuona ngati afika ku ukwati wanuwo?"

Malachy anaponya mwala pansi.

"Ukufuna nditani? Tandiona! Anzanga onse ali ndi ana oweta ng'ombe, ine anthu amanditchabe mnyamata wa kwa Tyrrell. Ndinadikira kuti bambo andisiyire munda, ndinadikira kuti tikonze denga, ndadikira mpaka tsitsi latha. Uyu ndi mkazi woyamba kundivomera, ndipo sipadzabwera wina. Nawenso usadziiwale. Chuma chimene Winnie adzabwere nacho ndi chimene chidzakukwatitse iwe, poti kuno mkazi sakwatiwa wopanda chuma. Zikalephereka, tidzakalambira limodzi m'nyumba ija, iwe ndi ine, tikuyang'anizana ngati akadzidzi."

"Chibale ndi fupa, achimwene, sichiwola."

"Fupa limenelo ndikulimva pakhosi tsiku lililonse. Usaganize kuti ndilibe mtima."

Anatola mwala uja n'kupitiriza ntchito. Sabina anabwerera kunyumba chimanjamanja. Chimene chinamuwawa kwambiri n'choti mawu a ukwati wake aja anamulowa. Iyenso anali munthu, ndipo zaka zinali kupita.

Tsiku la alendo litayandikira, pakhomo panali piringupiringu. Anapaka laimu makoma, anapha tsekwe, ndipo Malachy anakabwereka ng'ombe ziwiri kwa mnansi kuti khola lioneke lodzaza. Zimenezo aliyense kwathu kuno amachita, ndipo aliyense amadziwa kuti mnzake amachita, komabe timachita. Vuto linali Celia. Pa tsiku loyendera munda, mwamuna amayenda panja, koma mkazi amene wabwera naye amalowa chipinda chilichonse, kugwira mabulangete ndi kusuzumira pansi pa bedi.

"Akagone pansanja ya udzu, pamwamba pa ng'ombe," anatero Mayi Tyrrell.

"M'khola? Amayi, mwana wanu wobereka nokha?"

"Usandiyang'ane choncho. Mpweya wa ng'ombe ndi mankhwala a chifuwa, funsa wamkulu aliyense. Azakhali anga anagonekedwa m'khola dzinja lonse."

"Ndipo anachira?"

"Anakhalako ndithu masiku."

"Ndafunsa kuti anachira?"

"Iwe mwana, pakamwa pakopo padzakupweteketsa. Ndi tsiku limodzi lokha. Alendo tawauza kuti Celia akadali pantchito ku Dublin."

Amene anathetsa mkanganowo ndi mwiniwake Celia. Anaitana ali kuchipinda ndi mawu otsika, nati apita. Anati achimwene amuchitira zambiri, ndiye tsiku limodzi si kanthu. M'mawa mwake Malachy anamubereka kukwera naye makwerero, namugoneka paudzu, n'kuunjika mitolo kutsogolo kwake. Mayi ake anamufunditsa shawelo yawo yaubweya, ya kutchalitchi. Anamupsompsona pachipumi.

"Mwana wanga, ukamva mawu pansipa, limba mtima. Usatsokomole, Celia. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Kenaka Malachy anachotsa makwerero n'kukawabisa kuseri kwa khola.

A Cullen anafika dzuwa litakwera, pamodzi ndi mlongo wawo, mayi wamphuno yosongoka amene analowa m'nyumba n'kuyamba kununkhiza ngati wataya kanthu. Mwamunayo anali wamfupi, wamimba, wosathamangira chilichonse. Anayenda munda wonse akubaya nthaka ndi ndodo. Anayeza kuya kwa ngalande, analawa madzi a pachitsime, anagwedeza chipata kuti aone ngati chili cholimba. Pomaliza anati tiyeni kukhola.

Sabina anawatsatira atanyamula ndowa, ngati akukakama. M'kholamo munali kamdima ndi fungo la ndowe. A Cullen anayamba ndi ng'ombe yoyamba, kuiyasamula kukamwa, kuigwira bere, kuinyamula phazi. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri. Abale, munthu uja sankadziwa kufulumira!

"Iyi ndikuidziwa," anatero akusisita ng'ombe yofiira. "Ndinaiona pamsika chaka chatha ili ndi mwini wina. Kapena ili ndi mapasa ake?"

"Ng'ombe zimafanana, bambo," anayankha Malachy, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Zimafananadi. Nanenso pokwatira ndinali ndi ng'ombe zofanana ndi za anansi."

Anaseka okha mpaka kutsamira ndodo. Atatero anakhala pa chitsa chokamira, natulutsa kaliwo, n'kuyamba kufotokoza za mitengo ya ana a ng'ombe, za mvula ya chaka chatha, za mwini minda amene sakhuta lendi. Sabina makutu ake onse anali kumwamba. Ankadziwa kuti Celia sangathe kupirira nthawi yothira tiyi m'kapu osatsokomola. Utsi wa fodya unkakwera molunjika kumatabwa a nsanja. Koma kumwambako kunali zii. Kamodzi kokha udzu unachita tswaa.

"Makoswe," anatero Malachy.

"Pezani mphaka," anatero a Cullen, napitiriza nkhani yawo.

Ndipo Sabina anaona. Pakati pa matabwa awiri panatuluka dontho, n'kugwera pamsana pa ng'ombe yoyera imene inaima kumbuyo kwa mlendo. Linali lofiira. Linagwanso lina pambali pake. Malachy nayenso anaona. Anasuntha pang'onopang'ono, naika chikhatho chake pamadonthowo ngati akusisita ng'ombe, akuvomera kuti eya bambo, zoona bambo, mitengo yatsikadi.

Sabina anangoima pomwepo ndi ndowa yake, nalola mlendo kupitiriza nkhani. Anadzida yekha pa nthawi imeneyo kuposa mmene anadera wina aliyense.

"Chabwino, mnyamata," anatero a Cullen potsiriza akudzuka. "Munda ndauona, ndi wabwino. Tiyeni tikaone ngati botolo la mayi ako lili ndi kanthu."

Atangotuluka, Sabina anathamangira makwerero. Anakwera, nagwetsa mitolo ya udzu. Celia anali atadzipinda ngati mwana wakhanda. Shawelo ija anali ataikanikizira m'kamwa, ndipo anailuma mpaka kuiboola. Magazi anali atatulukira m'mphuno ndi m'mbali mwa milomo, kunyowetsa udzu. Milomo inali yakuda. Sabina anasolola nsaluyo, namudzutsa, namumenya pamsana mpaka mpweya unabwerera ndi phokoso ngati la chitseko chadzimbiri.

Maso a Celia anatseguka.

"Anandimva?"

"Sanakumve."

"Ndiye ndakhoza."

"Wakhoza, mng'ono wanga. Tsono kwatha. Gwira khosi langa."

Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu womwewo. Sabina anatsika naye, namugoneka m'ngolo, nakokera bulu pakati pa mitengo yokokera ngoloyo. Njira yotulukira pakhomo pa a Tyrrell ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pakhomo penipeni pa nyumba. Chitseko chinali chotsegula. M'katimo amuna anali atangogwirana chanza, matambula a wisiki ali m'manja.

Woyamba kutuluka anali Mayi Tyrrell.

"Sabina! Wapenga? Bweza ngoloyo!"

"Sindibweza."

"Ndakugwira mwendo, mwana wanga, dikira alendo apite. Kanthawi kochepa kokha."

"Kanthawi kochepa kamene kaja kakanamupha m'khola. Funsani achimwene chimene chili m'dzanja lawo."

A Cullen anatuluka ndi tambula yawo, mlongo wawo ali pambuyo. Anayang'ana m'ngolo, nayang'ana shawelo yamagazi. Pomwepo Celia, amene anapirira m'mawa wonse, analephera. Chifuwa chinamutulukira chonse pamaso pa alendo.

"Uyu ndani?"

"Ndi Celia, mng'ono wanga," anatero Sabina mokweza. "Uja anakuuzani kuti ali ku Dublin. Ali ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndikupita naye kwa masisitere kuti akafe ngati munthu."

Mukuganiza kuti a Cullen anamva chisoni? Anabwerera m'mbuyo, natulutsa mpango n'kutseka pamphuno. Tambula ija anaikhazika pazenera mosamala, ngati nayonso yadwala.

"Banja lofooka," anatero kwa mlongo wawo. "Ng'ombe zobwereka ndikanakhululuka. Tiye."

Anapita osatsanzika. Mayi Tyrrell anakhala pansi pakhomo pomwepo, pamatope, atavala diresi lawo labwino.

"Watipha, Sabina. Watipha tonse. Mchimwene wako, iwe wemwe, dzina la bambo ako. Anthu adzatiloza zala mpaka kumanda."

"Atiloze. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Malachy nayenso anali atatuluka. Anayang'ana alendo akutsika phiri, nayang'ana chikhatho chake. Kenaka anavula jekete lake latsopano, limene anasoketsa chifukwa cha tsikuli, nafunditsa mlongo wake, n'kulowa m'khola osatembenuka. Sabina anayembekeza kuti mwina atuluka kuti awaperekeze. Sanatuluke.

Anadutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Akazi anasuzumira pamazenera, wina anakokera mwana wake m'nyumba. Pakhomo pa a Fogarty chitseko chinatsekedwa mwamphamvu. Sabina anayenda patsogolo pa bulu, mutu uli chilili. Njira yonse yotsika kumapiri ankalankhula yekha, kutukwana dokotala wosamba m'manja uja, a Cullen ndi kaliwo wawo, parishi yonse imene imadzaza tchalitchi Lamulungu koma imaopa mtsikana wodwala kuposa tchimo.

Anafika dzuwa litapendeka. Mawu aja analipodi pachipata, olembedwa poyera, opanda manyazi. Sabina anakoka chingwe cha belu. Anatsegula sisitere wamkulu thupi, wamanja ofiira ndi sopo, atakwinya mikono ya mwinjiro wake. Sabina anayamba kufotokoza za chipatala, za dokotala, za kuti kwawo ndi anthu aulemu ndithu, koma sisitereyo anali atasuzumira kale m'ngolo.

"Zimenezo mudzandiuza tikamamwa tiyi. Dzina lake ndani?"

"Celia."

"Bwera, Celia. Takhala tikukudikira."

Anamunyamula yekha. Anamusambitsa ndi madzi ofunda, akuchotsa udzu m'tsitsi limodzi ndi limodzi. Ataona zilonda za pamsana anaima kaye, nayang'ana Sabina.

"Mwachedwa naye, mwana wanga. Sindikukudzudzulani, onse amabwera mochedwa. Kuchiza sitichiza, musayembekeze zimenezo. Koma ululu tiuchepetsa, ndipo sakhala yekha."

Anamugoneka m'chipinda chachitali cha akazi, pa bedi la nsalu zoyera, pafupi ndi moto. Zenera linali lotsegula pang'ono. Sabina anakhala pampando, akuyang'ana bedi limenelo. Dzinja lonse bedi lotere linali pompano, ulendo wa theka la tsiku pa bulu, pamene mng'ono wake ankaluma pilo. 

Posakhalitsa chifuwa chinayambanso. Celia anatutumuka, maso ali uku ndi uku pa anthu achilendo. Anagwira ngodya ya nsalu yoyera ija n'kuyamba kuikanikizira m'kamwa.

"Iwe! Celia wa kwa Tyrrell! Ukudya nsalu za masisitere?"

Mawuwo anachokera pa bedi loyandikana nalo. Panagona mtsikana wowonda ngati bango, tsitsi lofiira litamangidwa bwinobwino. Sabina anamuyang'anitsitsa, ndipo anaimirira osadziwa.

"Judith? Judith Fogarty? Si uli ku Boston iwe?"

"Boston yake ndi inoyi, achemwali. Bambo anandibweretsa kusanache, atandifunditsa matumba ngati nkhumba yakuba. Chipewa cha nthenga ndikudikirabe. Kodi amayi ali bwanji? Amanditchulako?"

"Amakutchula tsiku lililonse," anatero Sabina, ndipo sananame.

Judith anagwedeza mutu, natembenukira kwa Celia, amene nkhope yake inali itayamba kuda ndi kudzigwira.

"Chotsa nsaluyo, chitsiru iwe. Palibe mlendo woti akumve. Kuno ku Amereka timatsokomola mmene tafunira."

Celia anayang'ana mkulu wake, ngati mwana wopempha chilolezo. Sabina anamuchotsa nsalu ija m'manja, natenga beseni pansi pa bedi, naligwira poyera, losavundikira.

"Tsokomola, Celia."

Ndipo anatsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali, mokweza, chipinda chonse chikumva. Palibe amene anathamangira kukatseka chitseko. Atatha anagwera pa pilo, thukuta lili pachipumi, akumwetulira ngati munthu amene watula katundu.

"Achemwali," ananong'ona, "mukawauze amayi kuti andikhululukire. Shawelo yawo ija ndaiboola."